Mayadi asanu okha sangatiuze poyambira pa bwalo la gofu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene yakhala ili mkamwamkamwa pakati pa ife osewera gofu kuyambira pa 6 Disembala 2023, tsiku limene mabungwe awiri oyendetsa masewerawa, R&A la ku St Andrews m'dziko la Scotland ndi USGA la ku United States, adalengeza kuti asintha kayesedwe ka mipira ya gofu pofuna kuti isamauluke mtunda wautali monga ikuchitira lero. Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno chifukwa R&A ndi limene limayang'anira malamulo a gofu m'mayiko onse kupatula United States ndi Mexico, choncho mpira umene udzakhale wololedwa ku Scotland ndi womwewo umene udzakhale wololedwa ku Limbe, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene sitidyera gofu, amene timapita kubwalo Loweruka tikapeza mpata, ndipo funso limene ndakhala ndikulimva kwa anzanga ndi lakuti, mpira ukadzachepa mphamvu, kodi tidzayenera kusiya tee yakumbuyo n'kumayambira chakutsogolo? Kwa owerenga amene sasewera, tee ndi malo amene munthu amaimapo pomenya mpira koyamba pa dzenje lililonse, ndipo dzenje limodzi limakhala ndi malo otere angapo, ena kutali ndi dzenjelo, ena pafupi. Maganizo anga ndi akuti ambiri a ife tikuyeneradi kusendera kutsogolo, koma tidayenera kutero kalekale, mpira watsopanowo usanaganiziridwe n'komwe.

Poyamba tione chimene chidalengezedwacho, chifukwa ndaona kuti mantha ambiri akuchokera pa kumva nkhani mwachidule. Mpira wa gofu usanaloledwe, umamenyedwa ndi makina kuti aone mtunda umene ukufika, ndipo malire ake ndi mayadi 317, kuphatikizapo mayadi ena 3 ongokhululukira. Malire amenewa sadasinthe. Chimene chasintha ndi mphamvu ya makinawo, pakuti kuyambira 2004 mutu wa ndodo yoyesera umathamanga mamailosi 120 pa ola, pamene mu dongosolo latsopanoli uzithamanga mamailosi 125, mpira uzinyamuka pa madigiri 11 m'malo mwa 10, ndipo uzizungulira maulendo 2,200 pa mphindi m'malo mwa 2,520. Ndiye kuti mpira uzimenyedwa mwamphamvu kuposa kale koma osaloledwa kupitirira malire akale omwewo, ndipo opanga mipira ayenera kuufooketsa pang'ono kuti ukhoze mayesowo. Malinga ndi chilengezo cha tsikulo, kayesedwe katsopanoka kadaikidwa kuti kayambe mu Januwale 2028, ndipo osewera wamba adapatsidwa mwayi wopitiriza kugwiritsa ntchito mipira yakale mpaka Januwale 2030.

Amene adachititsa zonsezi si ife. Mu 1980 akatswiri a PGA Tour, mipikisano ikuluikulu ya amuna ku United States, ankamenya mpira woyamba mtunda wa mayadi pafupifupi 257, ndipo John Daly atapitirira mayadi 300 pa chaka chonse cha 1997 anthu adazizwa. Pofika 2023 mayadi 300 adasanduka mulingo wa wosewera wapakatikati pa PGA Tour, ndipo Rory McIlroy adatsiriza chakacho ndi mayadi 326. Mabwalo akale adayamba kuchepa. Ku St Andrews, pokonzekera mpikisano wa Open wa 2010, adabweza tee ya dzenje la 17 mpaka kuituluka m'malire akale a bwalolo kuti dzenjelo litalike kuchoka pa mayadi 455 kufika pa 495. Ku Augusta National, bwalo lotchuka la ku United States, adachita kugula malo kwa oyandikana nawo kuti dzenje la 13 litalike kuchoka pa mayadi 510 kufika pa 545 mu 2023. Bwalo likatalika limafuna malo ambiri, madzi ambiri othirira, feteleza ndi mafuta otchetchera, ndipo si kalabu iliyonse imene ili ndi thumba la Augusta. Mu Malichi 2023 mabungwe awiriwa adayamba aganizapo zoti mpira wofooka ukhale wa akatswiri okha, koma PGA Tour ndi ena mwa opanga mipira adakana kuti masewera amodzi akhale ndi malamulo awiri, ndipo pamapeto pake lamulo lidagwera tonse. Ine ndikadakonda njira yoyambayo, chifukwa vutolo lidali la anthu ochepa kwambiri, koma madzi akatayika sawoleka.

Tsono funso lenileni ndi lakuti ife titaya mayadi angati. Mabungwewo adanena kuti amene amamenya kutali kuposa onse adzataya mayadi 13 mpaka 15, akatswiri aamuna apakatikati mayadi 9 mpaka 11, akatswiri aakazi mayadi 5 mpaka 7, ndipo osewera wamba ambiri mayadi 5 kapena kucheperapo. Kusiyanaku kukubwera chifukwa chakuti mtunda umene munthu angataye ukudalira liwiro la ndodo yake. Mwamuna wamba amayendetsa mutu wa driver, ndodo yomenyera kutali kuposa zonse, pa mamailosi pafupifupi 93 pa ola ndipo mayi wamba pa 72, kutali kwambiri ndi 125 ya makina aja. Adaonjezanso kuti mwa mitundu ya mipira imene ilipo kale, yoposa 30 pa 100 iliyonse ikuyembekezeka kukhoza mayeso atsopanowo popanda kuisintha, ndipo n'zotheka kuti ena a ife tili nayo kale m'zikwama mipira yotere osadziwa.

Pali ena amene akukayikira ziwerengero zimenezi ponena kuti zidachokera kwa eni lamulo. Kukayika si kulakwa, koma tiyeni titenge chiwerengero chachikulu cha mayadi 5 n'kuchiyeza pa bwalo lonse. Pa bwalo la maenje 18 la par 72 (par ndi maulendo amene katswiri amayembekezeka kumenya mpira kuti amalize dzenje kapena bwalo), kawirikawiri maenje anayi amakhala a par 3, ndipo driver timaigwira pa maenje 14 otsalawo. Tikataya mayadi 5 pa lililonse, onse pamodzi akukwana mayadi 70. Pa bwalo la mayadi 6,500, mayadi 70 ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 100. Mtunda umene umasiyanitsa tee ina ndi inzake pa bwalo lonse umafika mayadi mazana angapo. Munthu amene lero akuyambira pa tee yomuyenera alibe chifukwa chosamukira chifukwa cha mayadi 70.

Koma ndi angati a ife amene tikuyambira pa tee yotiyenera? Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 2011 mabungwe a PGA of America ndi USGA adakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Tee It Forward, potsatira ganizo la Barney Adams, mwini wake woyamba wa kampani ya ndodo ya Adams Golf. Ganizo lake lidali lakuti munthu wamba azisewera bwalo limene limamulola kulowera pa green, malo a udzu wosalala pamene pali dzenje, ndi ndodo yofanana ndi imene katswiri amalowera nayo. Mulingo umene adapereka unkati womenya mayadi 275 ndi driver asewere bwalo la mayadi 6,700 mpaka 6,900, womenya 250 asewere la 6,200 mpaka 6,400, womenya 225 asewere la 5,800 mpaka 6,000, womenya 200 asewere la 5,200 mpaka 5,400, ndipo womenya 150 asewere la 3,500 mpaka 3,700. Kafukufuku amene R&A yakhala ikuchita pakati pa mamembala a makalabu ku Britain adaonetsa kuti mu 2019 mwamuna wamba ankamenya mayadi pafupifupi 216. Munthu wotere, malinga ndi mulingo uja, sayenera kufika n'komwe pa bwalo la mayadi 6,000. Ndipo mwamuna womenya mayadi 200 amene amaumirira kusewera mayadi 6,500 wadzisenzetsa yekha mayadi oposa 1,000 amene palibe lamulo lidamukakamiza. Sindikumvetsa chifukwa chimene munthu wotereyu angadandaulire mayadi 70 a mpira pamene mayadi 1,000 odzipatsa yekha sakuwaona.

Tiyerekeze dzenje la par 4 lotalika mayadi 400. Katswiri ngati McIlroy akamenya koyamba amatsala ndi mayadi osakwana 80, ndipo amagwira wedge, ndodo yomenyera pafupi. Mnzathu wa mayadi 200 amatsala ndi mayadi 200 ena, mtunda umene adaufika mpira uli pa kamtengo ndi ndodo yaitali kuposa zonse, tsopano akuyenera kuufikanso mpira uli pansi pa udzu. Sangathe, kaya ndi mpira wakale kapena watsopano. Ngakhale akatswiri oyeza kuvuta kwa mabwalo amavomereza zimenezi, pakuti m'malamulo awo wosewera wamwamuna wa handicap ya m'ma 20 (handicap ndi nambala yosonyeza luso la wosewera, imene imachepa luso likamakula) amatengedwa kuti amamenya mayadi 200 ndipo dzenje lalitali limene angalifike pomenya kawiri ndi la mayadi 370. Mayi wa luso lofananalo amatengedwa kuti amamenya mayadi 150 ndipo amafika dzenje la mayadi 280. Mnzathu yemweyo akayambira pa tee imene ifupikitsa dzenjelo kukhala mayadi 340, amatsala ndi mayadi 140, ndipo mpira watsopano ukamulanda mayadi asanu amatsala ndi 145. Kusiyana kwake sikupitirira ndodo imodzi, ndipo green amakhala akuiona kuti ndi yofikika.

Zimenezi ndidaziona ndekha. Kwa zaka zambiri ndinkayambira pa tee yakumbuyo chifukwa anzanga onse ankayambira pamenepo, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndimamenya mayadi 240. Tsiku lina ndidapempha caddie wanga, wondinyamulira ndodo, kuti tiyeze mipira yanga yonse ya driver pa masabata angapo, yabwino ndi yoipa yomwe, pogwiritsa ntchito kachipangizo koyezera mtunda ka mnzanga. Tidapeza kuti mtunda wanga weniweni udali pafupi ndi mayadi 205. Mayadi 240 aja ndidawafikapo ndithu, koma kamodzikamodzi, mu Okutobala nthaka itauma gwa ndipo mphepo ili kumbuyo kwanga. Munthu amakumbukira mpira umodzi wabwino n'kuiwala makumi awiri ena. Nditasendera kutsogolo ndidayambanso kugwira iron 7 ndi 8 polowera pa green, ndodo zimene zidangokhala m'chikwama, ndipo ndidayamba kumaliza maenje 18 msana usanayambe kupweteka. Chimene chidandipweteka mtima ndi mawu a ena pa kalabu imene ndinkasewera masiku amenewo, akuti ndapita pa tee ya amayi. Ena ankanena mongoseka, koma ndikudziwa abambo angapo achikulire amene adasiya gofu m'malo molola kuti awanene choncho, ndipo ndikudziwanso mmene mawu amenewo amawamvera amayi amene timasewera nawo.

N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhani ya mpirayi yatipatsa mpata wokonza chinthu chimene tachilekerera. Mitundu ya ma tee yakhala ngati mayina a anthu, yoyera ya abambo, yofiira ya amayi, pamene mpira sudziwa kuti waumenya ndani. M'mayiko ena makalabu ayamba kutchula ma tee ndi manambala kapena ndi kutalika kwake, kuti munthu azisankha malinga ndi mtunda umene amamenya. Kusintha kotere sikulira ndalama zakunja, kumangofuna penti ndi kusindikizanso makadi olembapo zigoli. Tsabola wakale sawawa, ndipo munthu amene ankamenya mayadi 250 ali ndi zaka 35 sangayembekezere zomwezo ali ndi zaka 65. Zaka zimalanda munthu mtunda wochuluka kwambiri kuposa umene R&A ikufuna kutilanda, ndipo palibe chamanyazi pamenepo.

Ena amati woyambira kutsogolo amabera anzake pa mpikisano. Nkhawa imeneyi ili ndi yankho kale. Mu dongosolo la handicap la dziko lonse limene lidayamba mu 2020, tee iliyonse imayezedwa payokha n'kupatsidwa manambala awiri osonyeza kuvuta kwa bwalo poyambira pamenepo, Course Rating ndi Slope Rating, ndipo Slope ya bwalo lovuta mwapakatikati ndi 113. Handicap ya munthu imachulukitsidwa ndi Slope ya tee imene wasankha, kugawa ndi 113, kenaka n'kuonjezera kusiyana kwa Course Rating ndi par. Zotsatira zake n'zakuti woyambira kutsogolo amalandira mastroko ochepa (maulendo omenya mpira amene amachotsedwa pa zigoli zake), woyambira kumbuyo amalandira ochulukirapo, ndipo awiriwo angathe kupikisana mwachilungamo tsiku limodzi. Koma zimenezi zimatheka pokhapokha tee iliyonse itayezedwa kwa amuna ndi kwa akazi omwe. Ngati tee yakutsogolo idayezedwa kwa amayi okha, bambo wofuna kuyambira pamenepo sangalembetse zigoli zake, ndipo amakakamizika kubwerera kumbuyo ngakhale asakufuna. Pempho langa kwa makomiti a makalabu ndi kwa a Golf Union of Malawi ndi lakuti ntchito yoyeza ma tee onse kwa aliyense iikidwe patsogolo 2030 isanafike. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Palinso chinthu china chimene ife osewera kuno tiyenera kukumbukira tisanatengere mantha a anthu akunja. Lilongwe ndi Blantyre zili pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera mpweya umakhala wopepuka, choncho mpira umauluka motalikirapo kuposa ku St Andrews, kumene bwalo lili m'mphepete mwa nyanja. Wosewera wa ku Blantyre akatsikira ku Nchalo m'chigwa cha Shire amakhala ali pa mpweya wina. Nyengo nayo imasintha zinthu kwambiri. Mu Febuluwale, mvula ili mkati, mpira umatera n'kukhala pomwepo, nthawi zina n'kulowa m'matope, pamene mu Okutobala umagudubuzika mtunda wautali pa nthaka youma. M'mawa wa Juni kukuzizira mpira sufika pamene umafika masana a Novembala. Aliyense amene wasewera chaka chathunthu akudziwa kuti kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe kumaposa mayadi asanu kutalitali. Ngati tikufunadi kusankha tee mwanzeru, nyengo ya mvula ndi imene iyenera kutisunthira kutsogolo chaka ndi chaka, ndipo makomiti angathe kumasuntha zizindikiro za ma tee potsatira nyengo.

Ndisaiwale za mipira imene ambiri timagwiritsa ntchito. Mpira watsopano ndi wodula chifukwa umachokera kunja, ndipo ambiri a ife timagula yotoledwa m'tchire ndi m'madamu, ina yokalikakalika, ina itakhala m'madzi kwa nthawi imene palibe akuidziwa. Mpira wotere sufanana ndi umene wangotuluka m'bokosi. Mipira yakale idzakhalabe ikuzungulira m'mabwalo athu kwa zaka zambiri tsiku loletsa litadutsa, ndipo makomiti a mipikisano adzayenera kutiuza momveka bwino, nthawi ikadalipo, mmene adzachitire ndi munthu amene alibe ndalama zotayira mipira yake yonse tsiku limodzi. Ana ambiri amene akuphunzira gofu, kuphatikizapo ma caddie amene ena a iwo amasewera bwino kutiposa, amadalira mipira yomweyi.

Komabe sindikufuna kumveka ngati ndikunena kuti mayadi asanu alibe kanthu kwa aliyense. Pali malo amodzi pamene angathe kusintha masewera a munthu, ndipo ndi pamene mpira uyenera kuwoloka chopinga uli m'mwamba, monga mtsinje, damu, ngalande kapena tchire lowirira limene lili kutsogolo kwa tee. Pa fairway yotseguka, njira ya udzu wotchetchedwa pakati pa tee ndi green, kutaya mayadi atatu kumangotanthauza kuti mpira wachiwiri ukhala wautali pang'ono. Koma ngati ngalande ili pa mayadi 130 ndipo mpira wa munthu umatera pa mayadi 132, kutaya mayadi atatu kukutanthauza mpira wotayika ndi chilango, ndipo zizichitika sabata iliyonse pa dzenje lomwelo. Anthu amene ali pa malire otere ndi okalamba, amayi ambiri, ana ndi ongoyamba kumene, ndipo ambiri a iwo ali kale pa tee yakutsogolo kwenikweni. Bambo wa pa tee yakumbuyo ali nako kosunthira, koma iwowa alibe. Kumbukirani kuti mulingo uja umapatsa womenya mayadi 150 bwalo la mayadi 3,500 mpaka 3,700, pamene m'mabwalo ambiri a maenje 18 tee yakutsogolo imapitirira mayadi 5,000. Ndiye kuti anthu amene amamenya pafupi kuposa tonse ndi amene akusewera bwalo lowatalikira kuposa tonse, ndipo zidali choncho mpira usanakhudzidwe.

Kwa anthu amenewa makalabu angathe kuchitapo kanthu popanda kumanga chilichonse chodula. Tee yatsopano siyenera kukhala chulu chokwezedwa ndi kuthiriridwa, pakuti malo osalala pa chiyambi cha fairway, otchetchedwa bwino ndi kuikidwa zizindikiro ziwiri, ndi okwanira. Chofunika ndi chakuti komiti iyende bwalo lonse pamodzi ndi mayi mmodzi, bambo mmodzi wachikulire ndi mwana mmodzi, n'kuona pa dzenje lililonse pamene mipira yawo ikutera ndi chimene chili patsogolo pawo. Ma caddie aitanidwenso pa ulendo umenewo, chifukwa iwo ndi amene amalowa m'ngalande kukavuula mipira ndipo akudziwa bwino dzenje limene limameza mipira ya ofooka. Pa bwalo limene ndimasewera lero pali dzenje lotere, lokhala ndi kamtsinje kutsogolo kwa tee yofiira, ndipo ndaonapo amayi akugwira iron n'kumenya dala mpira waufupi kuti uime kutsidya lino, kenaka n'kuwoloka ndi mpira wachiwiri, pa dzenje limene ife abambo timawoloka osaganizako n'komwe. Ndalembera komiti yathu kupempha kuti tee imeneyo isamutsidwire kutsidya kwa kamtsinjeko mvula ya chaka chino isanayambe, ndipo ndikupempha owerenga amene ali m'makomiti a makalabu ena kuti akayang'ane maenje awo otere.

Ine wanu,
Wosewera gofu wa Loweruka